Mayina a Kuseri kwa Chipilala

"Mwapala dzina la agogo a bambo anga, amalume. Musayambe kukana, fumbi lake lidakali m'nsidze mwanumo."

Amalume ake a Tsabola anali pansanja, kuseri kwa chipilala cha nkhondo, makina opalira mwala ali m'manja. Anawazimitsa, anayang'ana pansi n'kuona mwana wa mlongo wawo ataima ndi chitini cha penti, maso ali psuu. Anachita zimene ankachita nthawi zonse akagwidwa: anayamba kupisapisa m'matumba a ovolosi ngati mwagwera kanthu. Anati iwo sanapale munthu, anapala mwala. Bwana woyang'anira mapaki ku khonsolo ndiye analamula kuti kuseriko kukhale see ngati galasi lisanafike Loweruka, tsiku limene a meya adzabwere kudzakumbukira kuti chipilalacho chakwanitsa zaka zana. Iwo ndi ndani kuti atsutse? Mthenga saphedwa.

Tsabola anaika chitini pansi, anatsata nthambo yobweretsa magetsi mpaka pomwe inalumikizidwa, anaizula, anaikulunga m'chiuno mwake ngati lamba n'kumanga mfundo. Kenako anakweza mutu kuti aone zimene zawonongeka. Mzere wonse wapamwamba unali utapita. Pamene dzulo panali mayina asanu ndi awiri, lero panali pongowala ngati dazi la amalumewo.

Dzina loti Tsabola anamupatsa ndi amalume omwewo, tsiku limene anasiya sukulu atauza mphunzitsi kuti wachonga molakwika, n'kumusonyeza pomwe walakwitsa kalasi yonse ikuona. Kuyambira pamenepo sukulu yake inali bwalo la amalume, pomwe ankasema miyala ya paziliza. Palibe anamugwira dzanja. Ankatola zibenthu za miyala yosweka, tchizulo yakutha ndi nyundo, n'kumatsanzira zilembo za m'manyuzipepala okulungira misomali mpaka zala kuchita matuza. Pofika zaka makumi awiri ndi ziwiri, obwera kudzagula mwala ankanena mosabisa kuti dzina la malemu alembe mtsikana uja. Choncho khonsolo itapatsa amalume ntchito yokonza chipilala cha m'paki yakale ya pakati pa mzinda, zilembo zonse zinagwera iye.

Kumaso kwa chipilalacho anagwirako milungu itatu. Pamwamba panali mayina a akuluakulu a nkhondo, aliyense ndi udindo wake, zilembo zazitali ngati chala. Pansi pake panali asilikali wamba, tizilembo tothinana. Pansi penipeni, pomwe agalu amakwezera mwendo, panali mzere umodzi m'chiyankhulo cha olamulira akale wonena kuti panafanso onyamula katundu ambiri. Ambiri basi, ngati dzombe. Mzerewo Tsabola anauzamitsa mano atalumana, koma anaugwira bwino, pakuti ntchito ndi ntchito.

Kuseri kunalibe amene ankakudziwa. Mpanda wa zitsamba zaminga unakumbatira mwalawo kuyambira pansi mpaka kupitirira mutu wa munthu wamtali. Bambo ake a Tsabola anasamala maluwa a m'pakimo zaka zambiri mpaka imfa yawo, ndipo mipanda ina yonse ankaimeta ngati mitu ya asilikali, koma umenewu sankaukhudza. Lolemba aganyu a khonsolo anabwera ndi zikwanje n'kuugwetsa. Mwala utaonekera, panali mayina makumi anayi okandidwa ndi msomali, okhotakhota, ena zilembo zitayang'ana chakumbuyo. Lachiwiri Tsabola anamata mapepala pamwalapo n'kukhutiza makala, monga amachitira akafuna kukopera zilembo zakale, koma dzanja lake linafika mizere ya m'munsi yokha. Wapamwamba anati audikire nsanja ichoke kumaso. Ali pansi anatha kuwerenga dzina limodzi lokha mumzerewo, chifukwa amene analikanda sanaumire mphamvu: MAPAZI. Dzinali ankalidziwa. Ndi limene bambo ake ankatchula akamamugulira nsapato, akudandaula moseka kuti mwanayu watengera agogo awo amene anapita kunkhondo katundu ali pamutu, osabwerako.

Nsanja inachokadi kumaso Lachitatu mamawa, koma anaisuntha ndi amalume, iye asanafike.

Amene anamupeza atakhala pa mzinga wa nkhondo wadzimbiri wa pafupi ndi chipilala, nthambo ili m'chiuno, anali mkulu wojambula zithunzi amene paki yonse inkamutchula kuti a Mwetulirani. Anali atajambula maanja atsopano, ophunzira ndi zidakwa patsogolo pa chipilalacho zaka makumi anayi. Anamufunsa ngati tsopano wayamba kuyendera magetsi, poti ukali wake unali wokwana kale wopanda nthambo. Tsabola anawafunsa ngati ali ndi chithunzi cha kuseri, ngakhale chimodzi, ngakhale chodyedwa ndi mphemvu.

"Mwana wa mnzanga, kuseri ndani angafune kujambulidwako? Munthu amavala suti kuti aime ndi akuluakulu."

Anakhala naye pamzingapo n'kumuuza zimene anamva kwa bambo ake a Tsabola, zimene nawonso anazimva kwa amene anawasiyira ntchito. Paki isanakhale paki, anati, panali dambo pomwe akazi ankachapa. Olamulira akale analiumitsa n'kulisandutsa bwalo, ndipo nkhondo yawo yoyamba itabuka, pabwalo pomwepo ndi pomwe ankafoletsa amuna ogwidwa m'makomo, kuwasenzetsa mabokosi a zipolopolo ndi matumba a chakudya cha asilikali, n'kuwalozera njira. Mfuti sankawapatsa, nsapato ayi. Nkhondo itatha anadzala mitengo, anamanga geti lachitsulo ndi chipilala, anakhoma chikwangwani chonena amene aloledwa kulowa. Munthu wa kuno ankalowa ali ndi tsache, kapena chikwakwa, kapena akukankha mwana wa bwana.

A tsachewo ambiri anali akazi ndi amayi a onyamula katundu aja. Tsiku lililonse ankasesa patsogolo pa mayina a eni ake a pakiyo. Kulemba sankadziwa, choncho ankapempha mwana wasukulu awalembere dzina papepala, n'kumalikopera pamwala ndi msomali, chilembo chimodzi patsiku, nthawi imene kapitawo wapita kukamwa tiyi. Oyamba anaimirira pa mgolo wothirira maluwa kuti mayina akhale pamwamba pa diso la munthu. Sanalembe mayina a m'mabuku a boma, analemba amene ankaitanira kunyumba. Wosamalira maluwa wa nthawiyo ataona, sanalankhule, anangodzala minga.

Nkhondo yachiwiri inabwera, inasiya khoma lija la zitsulo zamkuwa la pafupi ndi dziwe, ndi mzinga uwu. Olamulira anachoka, chikwangwani chinazulidwa, chifanizo cha mkulu wawo wa pahatchi chinanyamulidwa n'kusiya phaka lija la simenti lomwe tsopano amagulitsirapo maswiti. Koma lamulo limodzi la ntchito silinasinthe, ngakhale silinalembedwe paliponse: kuseri sadula. Wosamalira maluwa aliyense ankalisiyira mnzake pamodzi ndi makiyi a shedi. Bambo ake a Tsabola anamwalira asanapeze womusiyira, poti khonsolo inali itayamba kulemba aganyu a tsiku limodzi.

Tsabola anaimirira n'kuwauza kuti tiyeni, mukanene zomwezi ku khonsolo. A Mwetulirani anayamba kupukuta diso la kamera ndi mpango. Anati chilolezo chawo chojambulira m'pakimo amasayina ndi bwana yemweyo, ndipo munthu satukwana ng'ona asanawoloke.

"Zaka makumi anayi mukuuza anthu atsegule pakamwa, inu panu mwasoka," anatero Tsabola, n'kupita yekha.

Ku khonsolo anamudikiritsa pabenchi maola awiri, moyang'anizana ndi wotchi yakufa. Atalowa anapeza bwana woyang'anira mapaki akupukuta nsapato ndi kansalu kamene ankasunga m'diroo. Tsabola anayala mapepala ake a makala patebulo, pamwamba pa mafayilo. Bwanayo anawanyamula ndi zala ziwiri ngati thewera, n'kunena kuti izi ndi zolembalemba za ana opulupudza, ndipo alendo olemekezeka sangabwere kudzaona chipilala chokandikakandika ngati khoma la chimbudzi cha pasiteshoni.

Tsabola anayesa kudzigwira. Anafotokoza kuti chipilalacho chinapakidwapo laimu katatu, ndipo akamachotsa amaona miyalo yonse itatu: woyera pamwamba, wotuwa pakati, wachikasu pansi. Wachikasu uja, wakale kuposa onse, walowa mpaka m'kati mwa mayinawo. Ndiye kuti mayina anayamba, laimu anabwera pambuyo. Ana opulupudza amenewo, ngati alipo, ndi okalamba kuposa agogo ake a bwanayo.

Bwanayo anamufunsa ngati anaphunzira za mbiri ku yunivesite iti. Tsabola anati iye anaphunzira mwala, ndipo mwala sunamupusitsepo. Pamenepo bwana anatsegula kabati n'kutulutsa buku lalikulu la chikuto chansalu, mmene munali mayina onse a pachipilala monga anawasiyira olamulira akale. Anamuuza afufuze yekha Mapazi wakeyo. Khonsolo, anati, imagwira ntchito ndi zolembedwa, ndipo chimene mulibe m'buku kulibe.

"Ndiye amayi anu akapanda kupezeka m'bukumo, bwana, tinene kuti munagwa mumtengo?"

Mlonda ndiye anamutulutsa, atamugwira pamkono. Ali pakhomo anamva bwana akunena kuti akauze amalume ake kuti Lachisanu masana kuseri kukhale kutatha, apo ayi ntchito ya khonsolo aiiwale mpaka kalekale. Anawonjezera kuti zinthu zakale n'zakale, tsabola wakale sawawa. Tsabola anatembenuka n'kumuuza kuti uyu ndi wa chaka chino.

Kunyumba anapeza amayi ake, amene anali telala, atakwiririka m'nsalu yoyera. Inali yophimbira chipilala, yoti a meya adzakoke chingwe igwe anthu n'kuwomba m'manja. Ntchito yopinda m'mphepete anawapatsa ndi mlongo wawo, amalume omwe aja. Nkhani inali itawapeza kale. Sanasiye kupalasa makina osokera. Anamuuza kuti amalume ake ndi amene anamulera bambo ake atapita, kuti pabwalo lija pamadyera mabanja asanu, komanso kuti mlomo wakewo tsiku lina udzamutsekera makomo onse a mumzinda. Tsabola anayankha kuti akhale otseka, adzalowera pawindo.

Makina anaima. Amayi anachotsa mapini pakamwa n'kunena, ngati akulankhula ndi nsaluyo, kuti chaka chimene Tsabola anabadwa kunabwera kapitawo watsopano amene analamula kuti mpanda wakuseri ugwe. Bambo ake anakana. Anawaimitsa ntchito milungu iwiri, ndipo kunyumba anangonena kuti chikwanje chabuntha. Milungu iwiriyo anaithera pakhonde akuyeza mapazi a khanda ndi chala, akuseka okha. Kapitawoyo anasamutsidwa, mpanda unatsala.

Kenako amayi anamufunsa kuti chipilalacho m'chiuno mwake ndi mamita angati. Tsabola anati bwana anapereka nsalu yokwana kumaso kokha. Amayi anati zimenezo akuzidziwa, koma iwo sanasokepo chovala chophimba kumaso n'kusiya kumbuyo pamtunda, ndipo sayamba lero. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi nsalu ziwiri zoyala pabedi, zija ankasungira alendo.

Lachinayi Tsabola analawirira. Malo a ntchito anali otchingidwa ndi malata, ndipo bwana sankalowamo chifukwa cha fumbi. Ankaima ndi galimoto pageti, kutsitsa galasi theka n'kufunsa. Amalume tsikulo anali ku khoma la nkhondo yachiwiri, akupukuta mkuwa, ndipo sanafune kukumana naye maso. Penti wa golide anagulidwa kuti alowe m'mayina a kumaso. Tsabola anamaliza akuluakulu onse ndi asilikali awo, sanaphonye chilembo, kuti pasadzapezeke wonena kuti anathawa ntchito. M'chitini munatsala theka. Anazungulira nalo kuseri.

Kupaka dzina la tchizulo n'kosavuta, burashi imangotsata ngalande. Dzina la msomali ndi lina. Linkazama apa, kusowa apo, kubwereranso pomwe dzanja linaterereka. Anatsuka mzere uliwonse ndi mswachi, anadula burashi mpaka kutsala titsitsi towerengeka, n'kumatsata pomwe msomali unadutsa, osawongola kanthu. Chilembo choyang'ana chakumbuyo anachisiya chikuyang'ana chakumbuyo. Pena ankaona pomwe mayi wina analekezera mwadzidzidzi n'kudzayambiranso tsiku lina ndi msomali wonenepa, ndipo ankadziwa kuti pamenepo kapitawo anamaliza tiyi msanga.

Mzere wapamwamba anauyang'ana nthawi yaitali. Tchizulo inali m'thumba, ndipo MAPAZI akanamulemba ola limodzi lisanathe, mokongola kuposa mkulu wa nkhondo aliyense. Koma anzake asanu ndi mmodzi a mumzerewo sanawawerenge, ndipo panalibenso munthu padziko amene akanawatchula. Anaona kuti kumuimika yekha pamenepo kukhala kuphimba chilonda. Anapasiya posalala.

Lachisanu chakum'mawa amalume anafika ndi nthambo yatsopano, idakali m'pulasitiki. Anamupeza pansanja, atatsala ndi mizere iwiri. Anaima pansi n'kuyamba ndi mawu ofewa, amene ankagwiritsa ntchito pouza ofedwa kuti mwala wachedwa. Anati amvetse, mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonya za bwana zigwera iwo osati iye. Anati analakwa kupala osamuuza, avomera. Kenako analumikiza nthambo, anakwera, n'kuima pambali pake makina ali m'manja.

"Lako lapita kale, iwe Tsabola. Awa ndi a eni. Ukuferanji za eni?"

"Eni akewo ali kuti, amalume? Aitaneni adzaime pano, ine nditsike." Anaviika burashi osawayang'ana. "Sindikuletsani. Koma lililonse muyambe mwaliwerenga mokweza, kenako mupale. Pabwalo paja simulola mwala utuluke musanawerenge dzina. Lamulo ndi lanu lomwe."

Amalume anati zachibwana. Komabe anatulutsa magalasi, poti munthu amene wawerenga miyala zaka makumi atatu sangaime pamaso pa zilembo osaziwerenga. Anayamba monyinyirika, ngati wowerenga mndandanda wa katundu. SAGONA. KAMWENDO. WOSULA WAMNG'ONO. MLAMU. Pa CHIDAKWA WANGA anaseka pang'ono m'mphuno n'kunena kuti ameneyu mkazi wake ankamukonda. Anatsika mzere wina. Pakona panali lina lokandidwa mobwerezabwereza mpaka msomali kulowa ngati tchizulo. Analiyandikira. Silinali dzina n'komwe. Panangolembedwa kuti MWANA WANGA.

Limeneli sanaliwerenge mokweza. Amalume anaika mwana wawo wamwamuna m'manda zaka zisanu zapitazo, ndipo mwala wake unali woyamba umene Tsabola analemba yekha, chifukwa iwo analephera kuulemba. Anaima pamenepo, makina akulendewera. Kenako anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Penti wachuluka apa. Adontha," anatero. "Ndinakuuza kangati kuti burashi uzikhutiza kaye pamlomo wa chitini?"

Anaika makina pathabwa n'kufunsa ngati pali burashi ina.

Masana amayi anabwera ndi nsalu pamutu, ndipo atatuwo anaikoka ndi zingwe mpaka chipilala chonse chinavala, kumaso nsalu ya khonsolo, kumbuyo nsalu za alendo. Galimoto ya bwana itaima pageti, galasi linatsika theka. Anafunsa ngati kuseri atha. Amalume anapisa m'matumba onse awiri n'kuyankha kuti atha, ndipo aphimbiratu kuopa fumbi. Galasi linakwera.

Loweruka malata anachotsedwa. Patsogolo pa chipilala anamanga tenti, anayala kapeti, anandandalika mipando ya alendo olemekezeka, ndi ina iwiri ya nkhalamba zovala mamendulo zimene anazitenga pagalimoto. Anthu wamba, ogulitsa maswiti, osesa, oyendetsa njinga, amayi a ana kumsana ndi ongodutsa, apolisi anawakankhira kumbuyo kwa chingwe, kuseri kwa chipilala, kuti asatchinge makamera. Zinali choncho chaka chilichonse ndipo palibe anadabwa. Tsabola anaima pakati pawo, chikwama cha zida chili paphewa.

Malipenga analira. Bwana anawerenga mbiri ya paki kuchokera m'kabuku konyezimira: chaka chimene mitengo inadzalidwa, kulemera kwa mzinga, kutalika kwa chipilala. Za dambo munalibe, za tsache munalibe. A meya anaimirira n'kukoka chingwe. Nsalu inagwa mbali zonse.

Kumaso anawomba m'manja. Kuseri kunali zii, pakuti dzuwa linali mbali imeneyo ndipo golide anawamenya m'maso. Kenako woyendetsa njinga wina anayamba kuwerenga mokweza, chala chili m'mwamba, wina n'kumulandira. Pa chidakwa paja anthu anaseka. Kuseka kusanathe, mayi wina wachikulire wogulitsa maswiti anawerama n'kudutsa pansi pa chingwe, thireyi ili m'manja. Wapolisi anamugwira paphewa, iye anamusasa ngati ntchentche. Anafika pamwala, anaika chala pa SAGONA n'kunena, osakweza mawu, kuti uyu ndi wa kwawo, mchimwene wa agogo ake, amene kunyumba ankati anangosowa. Zaka khumi ndi zisanu wakhala akugulitsa maswiti mamita ochepa kuchokera pa iye.

Chingwe sichinathenso kugwira munthu. A Mwetulirani anatulukira pakati pa gululo kamera ili pachifuwa, akutuluka thukuta, ndipo mayi wa maswiti anawauza amujambule pomwepo. Anayang'ana ku tenti, anayang'ana mayiyo, n'kukweza kamera. Kwa nthawi yoyamba pa zaka makumi anayi sanauze munthu kuti amwetulire.

Bwana anazungulira chipilala mothamanga, nsapato zikulowa m'dothi pomwe panali minga. Ataona golide, anafunafuna amalume, anawapeza, n'kuwauza pamaso pa anthu kuti ntchito yawo ndi khonsolo yathera pomwepa, ndipo Lolemba kubwera ena odzapala zonsezi. Analozera apolisi Tsabola kuti ameneyo wawononga katundu wa boma. Koma phokoso linali litameza kale zolankhula za a meya, ndipo iwo, ataona kuti akulankhula ndi mipando pomwe anthu ali kwina, anasiya pepala n'kubwera okha kudzaona, unyolo waudindo ukulira pachifuwa. Nkhalamba ziwiri za mamendulo zinawatsata ndi ndodo zawo.

Apolisi anazengereza, poti pakati pa iwo ndi mtsikanayo panali anthu ambiri. Tsabola sanadikire. Anatsegula chikwama, anatulutsa makina opalira mwala ndi nthambo ija anazula Lachitatu, anadutsa pakati pa anthu n'kuziika pansi, patsogolo pa nsapato za a meya.

Anawauza kuti iye ndi amene walemba kumaso konse, ndipo akayang'ane ngati pali chilembo chimodzi chokhota. Anawauza za tsache, za msomali ndi za minga. Analoza mzere wosalala wapamwamba n'kunena kuti pamenepo panali anthu asanu ndi awiri amene anapirira zaka zana, mvula ndi dzuwa, olamulira akale osawakhudza, koma apita Lachitatu lapitali ndi lamulo la ofesi yathu yomwe. Mmodzi anali wake. Enawo sadzadziwikanso.

Bwana anayamba kunena za buku. A meya anakweza dzanja, anamwetulira kumbali ya makamera n'kunena kuti nkhaniyi ndi yofunika kwambiri, ndipo aipereka ku komiti kuti iiunike bwino.

"Komiti ikumana liti, a meya? Makina akubwera Lolemba." Tsabola anakankha nthambo ndi phazi mpaka inagunda nsapato yawo. "Atsala makumi atatu ndi atatu. Ngati ndi zolembalemba za ana, magetsi alipo, palani nokha anthuwa akuona, muyambire pomwe pali chala cha mayiwa. Ngati ndi anthu, nenani pano pomwe kuti sakhudzidwa. Musayang'ane bwana, sindikufunsa iwo. Ndikufunsa inu amene mwakoka chingwe. Akhala kapena achoka? Yankhani."